Chitini cha Atate ndi Kabuku ka Mvula

Kuseri kwa nyumba ya atate, kumudzi kwathu kufupi ndi Chiparamba, kunali chitsa cha muwanga chofika m'chiuno. Pamwamba pake pankakhala chitini chopanda chivundikiro, ndipo mwana aliyense pamudzipo ankadziwa kuti chitini chimenecho sagwira. Mvula ikagwa usiku, atate ankalawirira kumeneko asanasambe n'kumaso komwe, atanyamula rula yathabwa ya kusukulu. Ankaiviika m'madzimo, n'kuibweretsa kufupi ndi maso, n'kulemba m'kabuku tsiku ndi pamene madzi alekezera. Akatero ankakhuthulira madziwo patsinde pa mango n'kubwezera chitini pamalo pake. Luso limeneli analitengera ku Msekera, kumene anagwirako ntchito m'minda yoyesera mbewu ali mnyamata, n'kumaona anthu a zanyengo akuyeza mvula m'mawa uliwonse. Kabuku koyamba anakayamba mu 1974. Atamwalira mu 2009 ndinapeza timabuku tisanu ndi tiwiri m'sutikesi, tomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo kuchokera pamenepo rula ija ili m'manja mwanga.

Anthu ankawaseka. "Kodi mvula mukaiyeza ndiye kuti ichuluka?" Akuluakulu ena ankawakumbutsa kuti tsoka silinunkha. Atate sankalimbana nawo. Anandiyankhira ine tsiku lina tikupalira nshawa: "Mwana wanga, n'zoona silinunkha, koma limasiya mapazi. Ukawerenga mapaziwo udziwa kuti pano limadutsa kangati."

Lero ndili ndi kasitolo kogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a m'munda, ndipo nthawi yokolola ndimagulako nshawa ndi soya. Mwana wanga wamkazi, amene anaphunzira zowerengera ndalama ku Lusaka, amati zimene ankachita ambuye ake ndi zomwezo zimene mabanki ndi makampani a inshuwalansi amalembera anthu ntchito: kuyeza chiopsezo ndi manambala usanaike ndalama zako pa chinthu. Mawu akewo anandibweza m'mbuyo. Ndikayang'ana mbiri ya malonda kuno ku Chipata ndi Kasenengwa, ndimaona mzere wautali wa anthu amene anawerengera phindu la chaka chabwino osafunsa za chaka choipa. Ndipo amene anayamba mzerewo sanali alimi a kumudzi.

Mu 1891 Mjeremani wina wogula minyanga, Carl Wiese, anatenga pepala kwa Inkosi Mpezeni, limene iye ankati likumupatsa ufulu wokumba miyala ya mtengo wapatali m'dziko la Angoni. Pepalalo linadutsa m'manja angapo, ndipo mu 1895 ku London kunabadwa kampani ya North Charterland Exploration Company, imene inatenga malo okwana masikweya mailosi 10,000. Ogula masheya ake ankakhulupirira kuti pansi pa mapiri athuwa pagona golide ngati wa ku Johannesburg. Ankakhulupirira za m'makutu, chifukwa panalibe amene anali atakumba mokwanira n'kuona. Njala ya golide imeneyi ndi imodzi mwa zimene zinabweretsa nkhondo ya mu Januwale 1898. Asilikali a Angerezi anachokera ku Nyasaland ndi mfuti za chiwaya, Nsingo mwana wa Mpezeni anawomberedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi za Angoni zinatengedwa. Golide uja sanapezeke, kupatula wochepa chabe ku Sasare cha ku Petauke. Amene anataya ndalama ku London anataya ndalama basi. Kuno tinataya anthu, ng'ombe ndi dziko.

Kampaniyo itaona kuti pansi palibe kanthu, inatembenukira pamwamba n'kuyamba kugawira azungu mafamu kuzungulira Fort Jameson, dzina la Chipata panthawiyo. Mbewu yawo inali fodya wa Virginia wowotcha m'mabalani. Mu 1925 dziko la Britain linachepetsanso msonkho pa fodya wochokera m'maiko amene linkalamulira, mtengo unakoma, ndipo aliyense anathamangira kukongola ndalama, kugwetsa mitengo ndi kumanga mabalani atsopano. Aliyense ankawerengera phindu lake ngati kuti ndi iye yekha amene wamva za mtengowo. Koma anzawo a ku Southern Rhodesia ndi ku Nyasaland anali atamvanso, ndipo nawonso anachulukitsa. Pofika 1928 nyumba zosungira katundu ku London zinali zitadzaza ndi fodya wopanda womugula. Mtengo unagwa, ambiri anasiya mafamu n'kuchoka. Ambuye anga aamuna, amene ankasankha fodya pafamu ina, ankasimba kuti bwana wawo anachoka usiku osawalipira malipiro a miyezi itatu, n'kusiya fodya akuwola m'shedi. Chimene chimandiwawa pa nkhaniyi n'chakuti m'zaka zomwezo anthu athu anali kukankhidwira m'malizevu opanikizana kuti apereke malo kwa alimi amene sanabwere n'komwe. Nthaka yabwino inangokhala tchire mpaka 1941, pamene boma linagula malo a kampaniyo n'kuyamba kubwezeretsamo anthu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mwambiwu ndimaumva bwino ndikadutsa pa zipupa za mabalani akale zimene zikuonekabe m'tchire m'malo ena.

M'zaka zimenezo ambuya anga aakazi ankachita malonda awoawo ndi mvula, ndipo sanagwepo ngati azungu aja. Munda wawo ndinauona ndi maso anga ndili mwana. Mlangizi wa masiku ano akanati ndi wosokonekera. Chimanga cha makolo, pakati pake maungu ndi khobwe, chakumtunda mapira, mbali ina nshawa za Chalimbana, m'mphepete mizere ya kandolo, ndiponso kadimba kumadambo kumene ankabzala chimanga chofulumira mvula isanayambe. Pakhomo panali nkhokwe ziwiri. Yachiwiriyo sinkatsegulidwa kufikira ataona ndi maso kuti chimanga cha m'munda chakhwima. Munthu akabwera ndi nsalu kapena mchere kuti asinthane ndi chimanga mu Disembala, ambuya ankayankha mawu amodzi okha: "Zikakanika, tidya chiyani?" Ankasimba kuti pa chilala cha 1949, chimene chinapha anthu ku Nyasaland, iwo anapulumutsa ana ndi mapira ndi kadimba kaja.

Ndimafuna anthu amvetse kuti njira imeneyi inali ndi mtengo wake. Chaka chabwino, munthu amene wadzaza munda wonse ndi mbewu imodzi yogulitsa ankapeza zambiri kuposa ambuya. Iwo ankadziwa zimenezo, ndipo ankalolera kutaya kaphindu chaka chilichonse kuti chaka choipa chisawagwetse. Ndi zomwezo zimene munthu amachita akamalipira inshuwalansi. Kusiyana kwake n'kwakuti ambuya ankalipira ndi mizere ya m'munda.

Kenaka boma la ufulu linabwera n'kunena kuti katundu wa chiopsezo ameneyu lisenza lokha. Mu 1969 linakhazikitsa bungwe logula zokolola la Namboard, ndipo m'zaka za m'ma 1970 mtengo wa chimanga unakhala umodzi dziko lonse, kaya uli pafupi ndi njanji kaya uli kuno kum'mawa, makilomita oposa 500 kuchokera ku Lusaka. Mtengowo unkalengezedwa ndi boma, feteleza anali wotsika mtengo, ngongole zinalipo, ndipo depoti inali pafupi. Mbewu ya SR52 inkabereka zitsononkho zimene makolo athu anali asanaonepo. Sindinganame, zinali zaka zokoma kwa mlimi wa ku Eastern Province. Malata oyamba pamudzi pathu anakwera ndi ndalama za chimanga. Koma mapira anayamba kusowa m'minda, nkhokwe yachiwiri inasanduka matumba opita kudepoti, ndipo funso la ambuya lija linaleka kufunsidwa. Chiopsezo chinali chisanathe. Chinangosamukira m'thumba la boma, ndipo thumba la boma linkadalira chinthu chimodzi, mkuwa wa ku Copperbelt. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, dziko lonse linapezeka kuti nalonso ladzaza munda wake ndi mbewu imodzi. Zotsatira zake tinaziona pang'onopang'ono: malipiro a chimanga kuchedwa, matumba kunyowa m'madepoti, zipolowe za mtengo wa ufa mu Disembala 1986, Namboard kuthetsedwa mu 1989. Boma latsopano la 1991 linatsegula msika, ndipo katundu uja anabwerera pamutu pa mlimi.

Anabwerera chaka choipitsitsa. Ndikatsegula kabuku ka atate ka 1992, ndimapeza masamba a Januwale ndi Febuluwale ali ndi mawu amodzi obwerezedwa mzere ndi mzere: palibe, palibe, palibe. Ankalembabe tsiku lililonse ngakhale chitini chili gwa. Chimanga chinafota chikumasula ngayaye. Chaka chimenecho tinadya nsima ya chimanga chachikasu chochokera kunja, ndipo anthu ambiri amene anali ndi ngongole ya feteleza anagulitsa ng'ombe zolimira.

Madzulo ena a chaka chomwecho atate anandiitana pakhonde. Anali atayala timabuku tawo pamphasa, atawerenga nyengo zonse kuchokera 1974, n'kuika kamtanda pa chaka chilichonse chimene mvula inachedwa kwambiri, kapena inadula pakati, kapena inachuluka mpaka kukokolola feteleza. Anatenga mbale n'kuponyamo maso a chimanga asanu ndi awiri ndi nyemba zofiira zitatu.

"Tsinzina, utole imodzi."

Ndinatola chimanga. Anachibwezera m'mbale n'kugwedeza.

"Tolanso."

Tinachita zimenezi mpaka mdima. Nthawi zina chimanga chinkabwera kasanu motsatizana, ine n'kuyamba kuiwala kuti nyemba zilimo. Kenaka nyemba inkatuluka, ndipo kangapo konse inatuluka kawiri motsatizana. Pamenepo atate ankandigwira dzanja. "Waona? Chaka choipa chimodzi munthu amapirira. Ziwiri zotsatizana ndi zimene zimathetsa khola. Ukafuna kukongola, usamafunse kuti ndipeza zingati. Uzifunsa kuti nyemba ikatuluka kawiri, nditsala ndi chiyani." Lamulo lawo kuchokera tsiku limenelo linali lakuti ngongole ya pakhomo isapitirire zimene mbuzi ndi nkhumba zingabweze. Ng'ombe zolimira sizinkalowa m'masamu a ngongole.

Ine phunziro limeneli ndinalimva theka. Ndinalisunga pa mvula, koma sindinaliike pa mtengo wa zinthu, ndipo thonje ndi limene linandiphunzitsa theka linalo.

Thonje m'dziko muno linali m'manja mwa kampani ya boma ya Lintco mpaka pamene inagulitsidwa m'ma 1990 kwa Lonrho ndi Clark Cotton. Pambuyo pake Dunavant inalowa m'malo mwa Lonrho, ndipo mu 2006 Cargill inagula Clark. Kachitidwe kake kanali kofanana kulikonse: kampani imapereka mbewu ndi mankhwala pangongole, mlimi amalima, ndipo pogulitsa ngongole imadulidwa. Mtengo wake unkadziwika thonje lili kale m'mabelo. Ine ndinali mmodzi mwa ogawa zipangizo m'midzi m'malo mwa kampani ina, ndili ndi njinga ndi buku la maina. Kumayambiriro kwa 2011 mtengo wa thonje pamsika wa dziko lonse unapitirira madola awiri pa paundi, chinthu chimene chinali chisanachitikepo, ndipo alimi kuno analandira K3,200 pa kilo, ndalama zakale zija. Chisangalalo chake sindidzaiwala. Njinga, mawailesi, masola, malata. Nyengo yotsatira aliyense anafuna thonje. Amene ankalima lima imodzi anatenga hekitala, ena anachepetsa chimanga ndi nshawa. Ine ndinkayenda mudzi ndi mudzi kuwalimbikitsa, ndipo inenso ndinakongola kwa wakaloba kuti ndilembe aganyu. Mvula inagwa bwino, ndipo kabuku ka atate sikanandichenjeze chilichonse chifukwa munalibe tsamba la mitengo. Dziko linakolola thonje loposa matani 250,000, koma msika wa kunja unali utagwa kale, ndipo mu 2012 mtengo unatsika kufika pa K1,600, theka lenileni. Alimi anakana kugulitsa kwa milungu ingapo, ena anatentha thonje lawo chifukwa cha ukali. Chaka chotsatira zokolola za dziko zinatsika kwambiri.

Ndikukumbukira mayi wina wamasiye amene ndinamulemba ndekha m'buku. Anabweretsa mabelo ake pangolo yobwereka, ndipo titadula ngongole ndalama yotsala inali yosakwana kulipira amene anamuthandiza kutola. Sanakalipe. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Abambo, si inu munati tichulukitse?" Ndinalibe choyankha. Zimene zinagwetsa azungu a fodya mu 1928 ndi zomwezo zimene ndinali nditabweretsa pakhomo pake: mtengo wokoma umaitana aliyense, ndipo aliyense akabwera mtengowo umathawa. Ine ndinagulitsa ng'ombe ziwiri zimene atate anandisiyira, zomwe zija ankati sizilowa m'masamu a ngongole.

Patapita zaka, nditatsegula kasitoloka, mwana wanga anabwera patchuthi ndi laputopu. Anatenga timabuku ta ambuye ake n'kulowetsa zonse mu kompyuta, kenaka anandifunsa mitengo ya chimanga, nshawa, soya ndi thonje imene ndinkakumbukira kapena ndinali nayo pamalisiti. Ndinamusimbira za mbale ya chimanga ndi nyemba, ndipo anasiya kulemba n'kundiyang'ana. "Atate, njira imeneyo ili ndi dzina. Amaitcha Monte Carlo." Anandifotokozera kuti inayamba m'ma 1940 ku Los Alamos ku America, kwa akatswiri a masamu Stanislaw Ulam ndi John von Neumann, ndipo mu 1964 David Hertz analemba m'magazini ya Harvard Business Review kuti amalonda aziigwiritsa ntchito asanaike ndalama pa ntchito yatsopano. M'malo molemba nambala imodzi ya phindu limene ukuyembekezera, umalemba zonse zimene zingachitike ku mvula, ku mtengo, ku zokolola, ndi kuchuluka kwa mwayi wa chilichonse. Kenaka kompyuta imatola m'mbale maulendo zikwi khumi, n'kukuonetsa kuti ndi kangati mwapindula, kangati mwangobweza zanu, ndi kangati mwagwa osadzukanso.

Masamu ake munthu angawachite ndi pensulo. Tiyerekeze kuti mwakongola K10,000 ya mbewu ndi feteleza. Chaka chabwino mugulitsa zokolola za K18,000, chaka choipa za K4,000. Ngati zaka zabwino ndi zisanu ndi ziwiri mwa khumi, mukaphatikiza zonse n'kugawa mupeza K13,800 pachaka, kusonyeza phindu la K3,800. Wogulitsa ngongole adzakuonetsani nambala imeneyo, ndipo sananame. Koma palibe mlimi amene amakolola chaka chapakatikati chimenecho. Amakolola chabwino kapena choipa, ndipo choipacho chimamusiya ndi ngongole ya K6,000. Mwayi woti nyemba ituluke kawiri motsatizana ndi 9 mwa 100, kutanthauza pafupifupi kamodzi mwa maulendo khumi ndi limodzi. Munthu amene alime zaka makumi atatu n'kovuta kuti azizembe, ndipo mwina akumana nazo kangapo. Ngati K12,000 ndi ng'ombe zake zolimira, ndiye kuti ngongole imeneyo yamukulira ngakhale phindu lake likuoneka bwino papepala.

Pali chinthu chimodzi chimene ine ndinamuwongolera mwanayo, ndipo ndimanyadira nacho. Iye anali ataika mbale ziwiri zosiyana, ya mvula ndi ya mtengo, ngati kuti sizidziwana. Ndinamuuza kuti kuno mbale ziwirizi ndi pachibale. Mvula ikakomera aliyense, chimanga chimachuluka ndipo mtengo umagwa. Mu 2017 dziko linakolola kwambiri, ndipo bungwe la boma logula chimanga la Food Reserve Agency linatsitsa mtengo wa thumba la makilo 50 kuchoka pa K85 kufika pa K60, soya nayenso anagwa. Mvula ikakana mtengo umakwera, koma wogulitsa alibe chogulitsa. Kwa ine wa sitolo nkhani imaipa kawiri: chaka cha chilala amene ndinawakongoza mbewu amalephera onse pamodzi, chifukwa mitambo yawo ndi imodzi. Kukongoza anthu makumi asanu a m'dera limodzi n'chimodzimodzi kukongoza munthu mmodzi wamkulu. Anakonza masamu ake, ndipo mzere wa zaka zogwa unatalika kuposa poyamba.

Manambala a mvula amenewa tsopano asanduka malonda paokha. Ku Malawi, tsidya lina la malire a ku Mwami, anayesa mu 2005 inshuwalansi yodalira muyeso wa mvula kwa alimi a mtedza a m'bungwe la NASFAM, mothandizidwa ndi World Bank. Alimi osakwana chikwi chimodzi anatenga ngongole ya mbewu yomangidwa pamodzi ndi inshuwalansi, ndipo malipiro ankadalira mvula yoyezedwa pa masiteshoni monga Chitedze ndi Kasungu. Nzeru yake ndi yakuti palibe amene amabwera kudzayendera munda wako. Mvula ikachepera pa muyeso umene munagwirizana, ndalama imatuluka yokha. Kuno ku Zambia zinafika kwa anthu ambiri mu nyengo ya 2017/18, pamene boma linaika inshuwalansi yotereyi mu pulogalamu yake yothandiza alimi ndi mbewu ndi feteleza ya FISP, ndipo K100 pa mlimi aliyense inkapita kumeneko. Mvula ankaiyeza ndi setilaiti.

Ine ndimaikonda nzeruyi, ndipo ndimafuna ikule. Koma aliyense amene anakhalapo ndi chitini pachitsa amadziwa bowo lake. Mvula ya kuno imagwa mwa mizeremizere. Ingagwe chimvula ku Mtenguleni, ife ku Chiparamba tikungoona mphezi. Setilaiti kapena siteshoni ya kutali ikanena kuti dera lalandira mvula yokwanira, munthu amene chimanga chake chapsa salandira kanthu, ndipo nthawi zina amene wakolola bwino ndi amene amalandira. Komanso ambiri mwa alimi amene amagula kwa ine sanauzidwepo muyeso umene inshuwalansi yawo imayambira kulipira. Munthu walipira, koma sadziwa kuti wagula chiyani.

Ngakhale akatswiri aakulu anapunthwapo pa bowo lomweli. Boma la Malawi linagula inshuwalansi ya chilala ku African Risk Capacity, bungwe la African Union, pa nyengo ya 2015/16. Chilala chinabwera choopsa, anthu oposa 6 miliyoni anafunika thandizo la chakudya, koma kompyuta ya bungwelo inati ovutika ndi ochepa ndipo palibe cholipira. Atapita kukafufuza m'midzi anapeza kuti masamu awo anawamangira pa chimanga chochedwa kucha, pamene alimi ambiri anali atabzala chofulumira, chimene ng'amba inachipeza pa nthawi yake yovuta. Atakonza nambala imodzi imeneyo, bungwelo linalipira madola 8.1 miliyoni, koma ndalamazo zinafika mu Januwale 2017, njala itapweteka kale anthu. Masamu anali olondola. Chimene chinasowa ndi munthu wofunsa mlimi kuti wabzala chiyani.

Apa ndi pamene mtima wanga uli. M'mbiri yonseyi, kuyambira pa Wiese mpaka pa thonje, amene ali ndi manambala ndi amene amasankha katundu woti asenze, ndipo wotsalayo amagwera amene alibe. Kampani yogula mbewu imadziwa mtengo wa ku Liverpool kapena ku Chicago m'mawa uliwonse. Banki imadziwa kuti mwa okongola zana ndi angati amalephera, ndipo inaika kale zimenezo m'chiwongoladzanja. Mlimi ndi wakasitolo ngati ine timabwera pamsika ndi chikumbukiro chokha, ndipo chikumbukiro chimakondera chaka chathachi. Soya akakoma chaka chino, chaka chamawa minda yonse ndi soya. Zinachitika mu 2017, zinachitikanso mu 2023. Kabuku ka atate kanali kosavuta, koma sikankakondera chaka chilichonse. Chaka cha 1992 chinkakhalabe patsamba lake ngakhale nkhokwe zitadzaza kasanu motsatizana.

Nyengo ya 2023/24 isanayambe, a zanyengo analengeza pawailesi kuti kukubwera El Niño. Ndinakhala pansi ndi mwana wanga pafoni, ndipo tinagwirizana kuti m'mbale ya chaka chimenecho nyemba zichuluke. Ndinaoda feteleza wochepa kuposa zaka zonse, ndinachulukitsa mbewu ya chimanga chofulumira, mpendadzuwa ndi khobwe, ndipo ngongole ndinapereka yokhayo imene sitolo ikanatha kupirira itapanda kubwera yonse. Ena anandikwiyira, ndipo mu Disembala, minda itabiriwira, inenso ndinadzifunsa ngati sindinachite mantha opitirira. Kenaka kunabwera masabata a dzuwa lokhalokha. Pa 29 Febuluwale 2024, patangopita masiku ochepa mwambo wa Nc'wala utachitika ku Mtenguleni, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse: maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo pafupifupi mahekitala 1 miliyoni a chimanga anawonongeka mwa 2.2 miliyoni amene anabzalidwa. Dziko linakolola matani pafupifupi 1.5 miliyoni, osakwana theka la chaka cham'mbuyo. Sindinapindule chaka chimenecho. Ngongole zambiri sizinabwere, ndipo zina ndinazifafaniza chifukwa eni ake ndinkawaona akudya kamodzi patsiku. Koma sitolo sinatseke, ndipo mvula yotsatira itagwa ndinali ndi mbewu yowapatsa.

Tsopano kabuku kanga kali ndi mizere inayi: mvula, mtengo wa pamsika Loweruka lililonse, zokolola za munda wanga, ndi ngongole zimene zabwera ndi zimene zatsala. Alimi asanu ndi mmodzi a m'kalabu yathu avomera kuika zitini kwawo, wina kumadambo, wina kuphiri, ena cha kumsewu wa Msoro, kuti tione kusiyana kwa mvula m'dera limodzi lomweli. Timatumizirana manambala pa WhatsApp. Ndimaganiza kuti zikakwana zaka zisanu tidzakhala ndi pepala loika patebulo tikamakambirana ndi a inshuwalansi.

Chitsa cha muwanga chija chinadyedwa ndi chiswe, ndiye ndinazika mpanda wachitsulo pamalo omwewo. Mvula yoyamba ya nyengo ino inagwa usiku wa Lachiwiri, ndipo m'mawa ndinapeza mdzukulu wanga wa giredi faivi ataima kale pamenepo, rula ya atate ili m'manja.

"Ambuye, afika apa. Ndilembe zingati?"

Ndinamuuza aimike rulayo mowongoka, aviikenso, chifukwa anali ataipendeketsa. Anaviikanso, n'kuwerenga mokweza, n'kulemba yekha pansi pa nambala zanga za chaka chatha. Madziwo anakawakhuthulira patsinde pa mango.